Mwana akufuna kusiya sukulu potengera Ousmane Sembène

Mayi wina wa ku Zomba watilembera kuti mwana wawo wamwamuna, yemwe ali Fomu 3, akufuna kusiya sukulu kuti ayambe kupanga mafilimu, ndipo akamuletsa amayankha kuti Ousmane Sembène, wopanga mafilimu wa ku Senegal, nayenso sanapite patali ndi sukulu koma anatchuka padziko lonse.

Mayi, mwana wanuyo sakunama ayi, koma nkhaniyi waimva mbali imodzi. Sembène anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, m'chigawo cha Casamance, ndipo n'zoona kuti anachoka pasukulu akadali mnyamata. Anakhalapo msodzi, mmisiri womanga nyumba komanso makaniko, anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse m'gulu la asilikali a dziko la France, kenako anakagwira ntchito yonyamula katundu padoko la Marseille. Kumeneko analowa bungwe loyimira anthu apantchito ndipo anayamba kuwerenga mwakhama akaweruka, mpaka mu 1956 anatulutsa buku lake loyamba. Maphunziro amene anawasiya ali mwana anachita kuwafunafuna yekha atakula, thupi litatopa ndi matumba apadoko, ndipo sindikhulupirira kuti njira yowawa chotere ndi imene mungamufunire mwana amene ali ndi mwayi wokhala m'kalasi lero.

Chimene chinamukokera ku mafilimu n'chimene ndikufuna mwanayo achimvetse. Sembène anaona kuti mabuku ake, olembedwa m'Chifalansa, sankawafika anthu akwawo ambiri amene sankadziwa kuwerenga, choncho atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 40 anapita ku Moscow kukaphunzira luso lojambula ku Gorky Studio. Munthu wamkulu, wodziwika kale monga mlembi, anavomera kukhalanso wophunzira. Atabwerera kwawo anajambula Borom Sarret mu 1963, ndipo La Noire de… ya mu 1966 inapata mphoto ya Jean Vigo. Mu 1968 anatulutsa Mandabi m'chiyankhulo cha Chiwolofu kuti amayi a pamsika ku Dakar amve okha nkhani yawo popanda womasulira. Boma la Senegal linaletsa filimu yake ya Ceddo, koma iye sanabwerere m'mbuyo, moti Moolaadé, yodzudzula mdulidwe wa atsikana, inapambana mphoto pachionetsero cha mafilimu cha ku Cannes m'dziko la France mu 2004 iye ali ndi zaka zoposa 80. Anamwalira ku Dakar mu 2007.

Kuno kwathu, Shemu Joyah, amene anajambula Seasons of a Life, anayamba waphunzira ntchito yoyeza malo, ndipo luso lake la mafilimu silinafe chifukwa cha sukuluyo.

Malangizo anga ndi akuti musalimbane ndi chilakolako cha mwanayo, chifukwa n'chabwino, koma mupangane naye kuti amalize Fomu 4 ndi kulemba mayeso a MSCE, akulimbikira kwambiri Chichewa, Chingerezi ndi mbiri yakale, popeza wotsogolera filimu amayamba wakhala wodziwa kusimba nkhani. Patchuthi mubwerekeni foni yanu kuti alembe kankhani ka mphindi 5 ka zimene amaziona kwanuko, akajambule ndi anzake m'chiyankhulo chimene agogo ake amamva, kenako akuonetseni banja lonse muli pamodzi sukulu isanatsegulidwe.