Achimwene, musaboole firijiyo: za mowa wapampopi m'kutentha kwa Mangochi

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amakhala cha ku Makawa. Akuti amafulula mowa wawo kunyumba, wa chimera cha balere ndi hops (timaluwa topatsa mowa kuwawa ndi fungo), mabotolo awatopetsa, ndipo pakhonde pagona deep freezer yomwe mayi a kunyumba ankasungiramo chambo asanasiye geni ya nsomba. Akufunsa kuti aboole mabowo angati m'mbali mwake kuti amangepo timipopi tothirira mowa, komanso kuti makegi, migolo yachitsulo yosungiramo mowa, awapeza kuti.

Achimwene, drill ija ibwezeni kwa mwini wake kaye. M'makoma a firiji yogona mumadutsa timapaipi ta gasi, tina toziziritsa m'kati, tina totaya kutentha kunja, ndipo simungadziwe pomwe tadutsa pongoyang'ana. Mukaboola kamodzi, gasi yense apita, ndipo m'mafiriji ambiri a masiku ano gasi wake ndi R600a, amene amayaka. Yankho la funso lanu loyamba ndi limenelo: bowo ngakhale limodzi ayi.

Koma chimene chandigwira m'kalata mwanu ndi mawu akuti mwatopa ndi mabotolo, chifukwa kutopa kumeneko ndimakudziwa bwino. Nditayamba kufulula, ndinkayenda m'mabotolo sitolo a pa boma kupempha mabotolo a Green opanda kanthu, ndipo eni ake ankandiyang'ana modabwa, poti botolo lililonse ndi ndalama kwa iwo. Ukawapeza, ntchito ndiye imayamba. Kuwaviika usiku wonse, kukwecha lililonse ndi kaburashi, kuyang'ana kudzuwa ngati pansi patsala chuku, kutsukuluza, kupha majeremusi, kuyeza shuga, kudzaza, kutseka. Malita 19 amafuna mabotolo opitirira 50 a 330 ml. Loweruka lonse limathera pamenepo, msana uli mbwee, ana akufunsa kuti bambo lero tipita kunyanja kapena ayi.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene sindinathe kupirira ndi Okutobala. Inu a ku Makawa mukudziwa momwe chipinda cha malata chimakhalira mwezi umenewu, kunja kukafika madigiri 35 kapena kuposa, mphepo ya kunyanja itangoti zii. Mowa wa m'botolo umakhala wamoyo, yisiti imadya shuga uja n'kupanga mpweya, ndipo kutentha kumaufulumizitsa ndi kuukalambitsa nthawi yomweyo. Mowa umene unali wokoma m'sabata yachiwiri, pofika mwezi fungo la hops latha, kwatsala kakomedwe ka katoni yonyowa. Tsiku lina ndinaitana alamu anga ochokera ku Namwera, kumene kumazizirirako, ndinawauza kuti bwerani mudzalawe ntchito ya manja anga. Anamwa mwaulemu, anathokoza, koma botolo lachiwiri sanapemphe. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndinkadziwa momwe mowa womwewo unkakomera masabata atatu m'mbuyomo.

Kuyambira pamenepo ndinazindikira kuti kuno kwathu vuto la wofulula ndi kutentha, ndipo china chilichonse chimabwera pambuyo. Ndikunena izi chifukwa m'kalata yanu mwatchula timipopi kangapo, koma za madigiri simunanene kanthu.

Ndikufunseni: mowa wanu umawirira pati? Yisiti imene ambiri timayamba nayo, monga Safale US-05, imafuna madigiri 18 mpaka 20 kapena kupitirirako pang'ono. Mukaisiya pa 30, imatulutsa fungo lokhala ngati la penti, ndipo mowa wake umapweteka mutu m'mawa. Mowa wotere ngakhale muuthire kuchokera ku kampopi kagolide, ukhalabe woipa. Pali anthu amene amawononga ndalama zambiri pa zitsulo zonyezimira pomwe chidebe chawo chikuwirira pafupi ndi mbaula, ndipo ine ndimawauza poyera kuti ayambira kumchira. Firiji imodzi singachite ntchito ziwirizi nthawi imodzi, chifukwa yowiritsira imafuna 18 pomwe yomwera imafuna 3 kapena 4. Ngati muli nayo imodzi yokha, muli ndi njira ziwiri. Mutha kuisandutsa yowiritsira n'kupirira mabotolo kwa chaka china. Apo ayi, sinthani yisiti. Ku Norway alimi akhala akusunga yisiti yawo yotchedwa kveik kwa mibadwo yambiri, ndipo mtundu wa Voss umawira bwino pa madigiri 35 mpaka 40, n'kumaliza m'masiku ochepa. Imagulitsidwa youma m'timapaketi, moti wachibale wobwera kuchokera ku Johannesburg akhoza kuiika m'thumba la malaya. Ine ndinasankha njira yachiwiriyi, ndipo ndimakhulupirira kuti aliyense wofulula m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Malombe mpaka ku Monkey Bay, ayenera kuyesa kveik asanagule china chilichonse.

Amayi athu ofulula masese nkhani ya kutenthayi anaidziwa kalekale, ndipo anaithetsa mwa njira yawo: mowa ukapsa umamwedwa pompo, suusungira mwezi wamawa. Wina anandifunsapo ngati masese angaikidwe m'kegi. Ayi. Masese amakhala akuwirabe ndipo ndi okhuthala, angatseke paipi nthawi yomweyo. Mukaona paketi ya Chibuku ili ndi kabowo pamwamba, chifukwa chake ndi chomwecho, mowawo ukupumabe. Uchema nawonso suchedwa kusasa. Mowa umenewu uli ndi ulemu wake ndipo sufuna gasi wathu wa CO2 wokankhira mowa m'kegi. Ifeyo ndi amene tasankha mowa wa kumaiko ozizira, ndiye tiyenera kuubweretsera kuzizira kwake. Ngakhale Carlsberg itatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, sinadalire mphepo ya ku Ndirande, inamanga zoziziritsira.

Tsono ndinene za mavidiyo a pa YouTube, poti ndikuganiza kuti ndi kumene maganizo anu achokera. Ambiri amene amaonetsa mafiriji awo kumeneko amakhala ku America kapena ku Ulaya, firiji ili m'chipinda chapansi chozizira chaka chonse. Amaikutira ndi matabwa mbali zonse kuti ioneke ngati kauntala ya bala, pamwamba n'kuimika chitsulo chachitali chokhala ndi timipopi. Zimakongoladi. Koma kuno zimenezo ndi kupha firiji. Gwirani khoma la deep freezer ikamalira, mumva kuti ndi lofunda, chifukwa kutentha kumatulukira pamenepo. Mukalikutira, kompuresa imangolira osapuma mpaka kupsa. Ndinaziona pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja, firiji yatsopano itakutidwa bwino ndi mlombwa, miyezi ingapo yokha inali itatha ntchito. Chitsulo choimirira chija nachonso chimakhala kunja kwa kuzizira, mowa wa m'menemo umafunda, ndipo tambula yoyamba iliyonse imadzaza thovu lokhalokha. Ine sindidzaika chitsulo chimenecho pa firiji yanga, ndipo inunso ndikukuletsani.

Yang'ananinso kachikwangwani kumbuyo kwa firiji yanuyo. Pali chilembo chosonyeza nyengo imene inapangidwira. N ndi yopirira mpaka madigiri 32, ST mpaka 38, T mpaka 43. Ngati yanu ndi N, pakhonde ichokepo lero.

Ndiponso pakhonde si malo ake pa chifukwa china. Ife tikukhala pakati pa abale athu Achisilamu, ambiri aneba athu mowa sakhudza n'komwe, ndipo timakhala bwino chifukwa timalemekezana. Kampopi ka mowa koyang'ana kumsewu, anthu akudutsa kupita kumzikiti Lachisanu, ndi chinthu chosafunikira. Ikani m'nyumba, m'chipinda chotsekeka, chifukwa kampopi n'kosavuta kutsegula kuposa botolo ndipo mwana wa zaka zisanu akhoza kukakoka. Ndipo anzanu akadzayamba kunena kuti tigulitseko tambula imodzi, dziwani kuti kugulitsa mowa kumafuna chiphaso cha kukhonsolo. Wanu ukhale wakumwa inu ndi alendo anu akuluakulu.

Za magetsi sindingazidumphe. Tonse tikukumbukira momwe zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Kuthima kwa maola angapo sikuwononga mowa wa m'kegi, chifukwa malita 19 ozizira safunda msanga ngati chivundikiro sichikutsegulidwa. Malo onse otsala m'firiji dzazani zigubu za madzi, zimasunga kuzizira. Chimene chimachitika n'chakuti mowa wa m'paipi umafunda msanga, mpweya n'kuthawamo, ndiye mukathira mumaona thovu. Musathamangire kupotokola regulator, kachipangizo kolamulira mphamvu ya gasi wolowa m'kegi. Dikirani magetsi ayake, zonse zizizirenso. Ndipo fridge guard musaiumire, magetsi akamabwera ndi pamene makompuresa ambiri amafera.

Kamangidwe kake

Deep freezer ikasiyidwa yokha imatsika mpaka madigiri 18 pansi pa ziro, pomwe mowa umaundana ukangodutsa 2 pansi pa ziro. Ndiye chinthu choyamba kugula ndi kachipangizo kolamulira kuzizira. Inkbird ITC-308 ndi yosavuta, pali ya pulagi ya mano atatu ngati yathu, mumangolumikiza firiji kwa iyo n'kuika pa 3 kapena 4. STC-1000 ndi yotchipa koma imafuna wodziwa zamagetsi. Kawaya koyezera kamatireni pakhoma la kegi n'kukaphimba ndi kachidutswa ka siponji, kuti kaziyeza mowa m'malo mwa mpweya. Ikaninso nthawi yopumira kompuresa, mphindi 5 kapena 10.

Timipopi timakhala pa mkombero wa matabwa. Masulani mahinjesi, chotsani chivundikiro, kalipentala akhome bokosi lopanda pansi ndi pamwamba lofanana ndi pakamwa pa firiji, kutalika masentimita 15 mpaka 20. Limateni ndi silikoni, chivundikiro chibwerere pamwamba pake. Mabowo onse, a timipopi ndi a mawaya, aboolede pa thabwa. Thabwalo likhale louma, lipakidwe vanishi mbali zonse, m'kati mumate styrofoam yokhuthala, apo ayi nthawi ya dzinja lizichita thukuta mpaka kuola. M'katimo ikani kafani ka kompyuta kazizungulira usana ndi usiku, chifukwa mpweya wozizira umakhala pansi pomwe timipopi tili pamwamba. Madzi amene azisonkhana pansi pukutani sabata iliyonse, dzimbiri limayambira pamenepo.

Paipi ya mowa ikhale ya 3/16 inchi m'kati, yaitali pafupifupi mamita 3, yokulungidwa pamwamba pa kegi. Mphamvu ya gasi wa CO2 muiike pa 10 mpaka 12 psi pa regulator. Kegi yatsopano mukaisiya pa mphamvu imeneyi kwa sabata imodzi kapena ziwiri ili pozizira, imadzaza mpweya yokha popanda shuga. Potsuka kegi musagwiritse Jik, klorini imadya chitsulo chake.

Makegi amene mukufuna amatchedwa Cornelius, a malita 19, anapangidwira zakumwa zoziziritsa kukhosi kalelo. Alipo a ball lock ndi a pin lock, zolumikizira zake sizigwirizana, ndiye sankhani mtundu umodzi. Ya ball lock ndi yotambalala pafupifupi masentimita 22 ndipo imatalika kupitirira pang'ono 60. Dulani makatoni ozungulira a muyeso umenewo, muwayale pansi pa firiji, muone kuti alowa angati. Pa kachitunda ka kompuresa ndi pamene pamakhala silinda ya CO2. Makegi anga anachokera ku South Africa kudzera kwa mlamu wina woyendetsa thiraki, ndipo muitanitsiretu mipira yake yosinthira, yotchinga kuti gasi asatayike, chifukwa kampira kamodzi kakang'ambika silinda yonse imatha usiku umodzi. Kumbukiraninso kuti kegi yodzaza imalemera kupitirira makilo 20, ndipo muziikweza kudutsa pamwamba pa mkombero uja, ndiye musautalikitse mopitirira.

Gasi ndiye amene angakuimitseni, choncho yambirani kumeneko musanagule thabwa. Mukufuna CO2 wa zakumwa, ndi regulator yopangidwira CO2, ya gasi wophikira siigwira ndipo n'koopsa kuyesa. Funsani kwa ogulitsa gasi monga Afrox ku Blantyre kuti amadzaza masilinda a mtundu wanji, akulu bwanji, ndi pakamwa potani, kenako mugule regulator yogwirizana ndi yankho lawo. Ngati mungathe, khalani ndi masilinda awiri, chifukwa ulendo wa ku Blantyre si wa tsiku lililonse. Mukalumikiza zonse, pakani thovu la sopo polumikizira paliponse muone ngati pakutuluka timathovu. Silinda ikhale choimirira, yomangidwa. CO2 ndi wolemera kuposa mpweya wamba, akamatayika amadzaza pansi pa firiji, choncho mukatsegula dikirani pang'ono musanalowetse mutu kukatenga chinthu pansi.

Mundilembere muyeso wa m'kati mwa firiji yanu ndi chilembo cha pa kachikwangwani kaja, komanso mundiuze yisiti imene mukugwiritsa ntchito pakadali pano.