Mapointi amawerengedwa pamene mpira unachoka m'manja

Achimwene, mwafunsa za masewero a basketball a Loweruka ku Zoo Lake mu Johannesburg, pamene mnyamata wanu anaponya mpira ali kunja kwa mzere wa mapointi atatu, wotchinga yemwe anali mkati mwa mzerewo n'kuukhudza ndi nsonga za zala ukukwera, koma mpirawo n'kulowabe. Woyimbira anapereka mapointi atatu, ndipo timu inayo inkati ayenera kukhala awiri. Ine ndikuti woyimbirayo anagamula bwino.

Kuno ku South Africa, monganso kwathu ku Malawi, timatsata malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball pa dziko lonse, ndipo lamulo la nambala 16 limayang'ana pamene panali mapazi a woponya pa nthawi imene mpira unkachoka m'manja mwake. Ngati mapazi onse awiri anali kunja kwa mzere wa mamita 6.75 uja osauponda, kukhudza kwa wotchinga sikuchotsa pointi ngakhale imodzi, chifukwa iye sanaponye mpira, wangolephera kuutchinga. Akanaukhudza ukutsika, mpira wonsewo uli pamwamba pa mkombero wa basiketi, ukanakhala mlandu wake, ndipo mapointi atatuwo akanaperekedwa ngakhale mpira ukanapanda kulowa.

Pa nkhani yopatsirana mpira ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Wosewera akafuna kupatsira mnzake ali kunja kwa mzere, mpira n'kupitirira mpaka kulowa wosakhudzidwa ndi aliyense, amenewo ndi mapointi atatu, pakuti woyimbira sayeza zimene munthu amaganiza mumtima. Koma mnzakeyo akaulandira m'malere pafupi ndi mkombero n'kuugwetsera mkati, kumeneko ndi kuponya kwatsopano kochokera mkati mwa mzere, choncho mapointi ndi awiri. Mpira woponyedwa kuchokera kunja kwa bwalo poyambitsanso masewero ukalowa mwachindunji, palibe pointi, ndipo mpira umapita kwa timu inayo.

Palinso wotchinga amene amamenyera mpira mu basiketi imene timu yake ikuteteza mwangozi polimbirana mpira wobwerera kuchokera pa mkombero. Pamenepo mapointi ndi awiri, ndipo amalembedwa pa dzina la kaputeni wa timu inayo amene ali m'bwalo. Akachita dala, sawerengedwa.

Ndikupempha oyimbira athu kuti azikweza dzanja ndi zala zitatu mpira ukangochoka m'manja, osadikira kuti ulowe, chifukwa mikangano yambiri imene ndimaiona m'mabwalo a mu Johannesburg muno imayamba pamene chizindikirocho chachedwa.