Tafunsani: Chibadwa ndi chilengedwe n'chinthu chimodzi?

FUNSO: Mwana wanga wa Sitandade 3 amalemba ndi dzanja lamanzere, nsimanso amatema ndi lomwelo. Apongozi anga amati ndimusiye, n'chibadwa chake. Aphunzitsi ake akuti n'chilengedwe. Ine ndimadziwa kuti chilengedwe ndi mitengo ndi njovu za kupaki. Akulondola ndani? Mayi wa ku Santhe, Kasungu.

YANKHO: Mayi, onse awiri sanaphonye, koma ine ndili mbali ya apongozi anuwo.

Chilengedwe tsinde lake ndi kulenga. Kulenga, kulengedwa, chilengedwe. Mawu amenewa amaloza kwa Mlengi, amene makolo ankamutchanso Namalenga. Akuluakulu a Chichewa amasimba kuti mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika ndi mvula pamodzi ndi nyama pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, mapazi awo n'kudinda pathanthwe lidakali lofewa. Munthu ndi nyama anafika tsiku limodzi, ndiye mwana wanu ali m'chilengedwe chimodzimodzi ndi njovu 263 zija anazisamutsa ku Liwonde kudzazitula ku Kasungu mu 2022. Kungoti mabuku a kusukulu ndi wailesi atizoloweza kumva "zachilengedwe" pa nkhani za nkhalango ndi makala zokha, mpaka mawuwo achita kupanikizika.

Chibadwa chimachokera kufupi, kwa mayi. Muzu wake ndi kubala: wina akabala, mnzake wabadwa. Mbadwa, m'badwo ndi ufulu wachibadwidwe zonse n'zapabanja pomwepo. Taonani ulemu wathu: mango timati abala popanda kuphethira, koma za mayi amene ali kuchikuta timanena kuti achira. Tsono chibadwa ndi chimene munthu mmodziyo anatuluka nacho m'mimba: manzere, mpata wa m'mano, liwu la nthetemya. N'chifukwa chake apongozi anu anati chibadwa "chake". Aloza mwanayo payekha, pomwe aphunzitsi aloza dziko lonse.

Pali mawu achitatu amene simunawafunse, koma ndi amene amasokoneza anthu: khalidwe. Awa achokera ku kukhala, monga kalimidwe kachokera ku kulima. Khalidwe munthu amalitola kumene wakhala ndi kwa amene wakhala nawo. Ndimanyansidwa ndikamva bambo amene wamwera ndalama zonse za fodya pa Chinkhoma akuikiridwa kumbuyo kuti "n'chibadwa chawo". Anabadwa ndi botolo ndani? Mwambi uja wakuti make mbuu, mwana mbuu sunena za magazi okha ayi, mwana amaonera.

Za dzanjalo, n'zoona kuti pamwambo wathu kupereka kapena kulandira ndi manzere ndi mwano, ndipo ambiri amanzere anakula akumenyedwa ndi chikoti pazala kuti asinthe. Kulandira ndi manja awiri akhoza kuphunzira ndithu, limenelo ndi khalidwe. Pensulo ndiye musamulande. Kapempheni aphunzitsi amukhazike kumapeto a benchi, mbali ya kumanzere, kuti chigongono chake chisamagundane ndi cha mnzake polemba.