Siginala ndi ndani, nanga kauni n'chiyani?

Mayi ena a ku Lilongwe andilembera imelo. Akuti ayamba geni ya usipa, amadzapikula ku Senga Bay, koma asodzi akayamba kukambirana iwo amangoti kakasi. Amamva zoti chilimira, siginala, kauni, alovi. Funso lawo n'lakuti, kodi chimenechi n'Chichewa?

Mayi, n'Chichewa cha kunyanja, chosakanikirana ndi Chitonga, Chiyao ndi kachizungu pang'ono. Alovi, mwachitsanzo, ndi mawu ochokera kumpoto, otanthauza asodzi. Kuno timanena anyamata amene amapalasa ndi kukoka khoka la bwana wawo.

Chilimira ndi khoka lalikulu la pakati pa nyanja. Silikokedwera kumtunda ayi. Mabwato awiri amalizunguza mpaka nsomba zitatsekeredwa mkati. Amaphera utaka ndi usipa. Musalisokoneze ndi matchera, omwe amangotcheredwa madzulo n'kukawonjola mmawa.

Mawu amene akukhudza thumba lanu ndi kauni. Uku n'kupha usipa usiku ndi nyali. Munthu mmodzi amatsogola yekha pa kabwato, nyali zili ngwee kumutu kwa bwato, n'kukhala phee kudikira kuti usipa usonkhane pansi pa kuwalako. Ameneyo ndiye siginala, dzina lobwerekera ku Chingerezi, chifukwa ndi iye amapereka chizindikiro choti ponyani khoka. Si ntchito ya aliyense. Amadziwa kuwerenga madzi, ndipo pogawana ndalama gawo lake limaposa la alovi. Kale ankayatsa nyali za parafini zopopa zija, lero ambiri ali ndi mababu a batire.

Tsono mwezi ukawala kwambiri, nyali za siginala zimachepa mphamvu, usipa subwera. Ine ndinaphunzira mowawa. Ndinalawirira tsiku lina ndi mabigiri anga awiri, ndowa zoyezera usipa, mwezi uli mbee, ndinapeza mathandala oyanikapo nsomba ali mbuu, usipa wopezekawo mtengo wake wosagwirika. Ndinabwerako ndi tomato. Choncho musananyamuke, funsani kaye ngati kuli mdima. Mufunsenso za mwera, mphepo yochokera kummwera imene imavuta miyezi yozizira, makamaka June ndi July. Ukakuntha, mabwato amagona pamchenga masiku angapo. Mpoto ndi ya kumpoto, vuma ya kuvuma, kotulukira dzuwa.

Mukamva kuti "Mbenji yatsekedwa", akunena chilumba cha Mbenji kuno ku Salima, m'dera la mfumu Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu amaletsa usodzi kumeneko m'dzinja kuti nsomba ziswane, n'kudzatsegula ndi mwambo mvula ikatha.

Pali mawu ena amene simunawafunse: kasawala. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi kasawala wotchipa, dziwani kuti ndi tiana ta chambo, ndipo lamulo sililola kutipha. A zausodzi akatipeza m'dengu lanu panjira ya ku Lilongwe, amalanda dengu lonse, ndipo amene anakugulitsani uja adzakhala ali kutali panyanja.