Chifukwa chake tinaona Eiffel Tower kuposa ana athu

Mayi wina wa ku Zomba anditumizira imelo. Akufunsa kuti pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, bwanji TV inkangotionetsa nsanja ya Eiffel Tower ndi masewera achilendo ngati olasana ndi malupanga, pomwe Amalawi athu amangoti waliwali n'kusowa?

Zikomo mayi. Zithunzi zija si a SuperSport amajambula ayi. Zambiri zimachokera ku kampani imodzi, Olympic Broadcasting Services, yomwe bungwe loyendetsa Olimpiki la IOC linakhazikitsa mu 2001. Ma TV a m'mayiko amagula ufulu woonetsa n'kumasankhapo. Ndiye kamera imatsata amene akulimbirana mendulo, osati mwana wathu amene wathera mu ndime yoyamba.

Za mzinda, n'zochita kukonza dala. Paris inawononga ndalama zankhaninkhani ndipo inkafuna dziko lonse liisirire. Volleyball ya pamchenga anaiika m'munsi mwenimweni mwa Eiffel Tower, kuti wosewera akadumpha kukamenya mpira, nsanja ija iziwala kumbuyo kwake. Malupanga anali mu Grand Palais, pansi pa denga lagalasi. Mahatchi ku Versailles, uta ndi mivi ku Les Invalides. Masewera othamanga sangachoke mu bwalo lawo, koma ang'onoang'onowa amanyamulika, choncho ndi amene amatsatsa mzinda. Ine sindiwadandaula, chifukwa wolasa uta amadikira zaka zinayi kuti dziko limuone.

Chomwe chimandiwawa n'chomwe kamera imalambalala. Bwalo la Stade de France ndi mudzi wa osewera zinali ku Seine-Saint-Denis, dera lomwe lili m'gulu la osaukitsitsa ku France, kodzaza anthu ochokera ku Africa. Misewu yawo tinaiona kangati? Nawo mtsinje wa Seine unkakongola pa TV, chonsecho mpikisano wa triathlon (kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga) wa amuna unachita kuimitsidwa kaye chifukwa madzi anali akuda.

Ndipo mayi, masewera amene ife timawatha bwino kulibeko ku Olimpiki. Ntchemberembaye sinaloledwebe. Ma Queens anagonjetsa New Zealand 57-53 ku Gold Coast mu 2018, pa Commonwealth Games, koma anthu ambiri kunjaku sanamvepo n'komwe. World Cup ya ntchemberembaye inafika mu Africa koyamba mu 2023, ku Cape Town. Mukafuna kuona ana athu kuyambira likhweru loyamba mpaka lomaliza, mipikisano ngati imeneyi ndiyo muziidikira.