Malesitilanti a amayi omenyera ufulu: nkhani sinali ya kuphika

Mayi wina wandilembera pa imelo: "Ndamva kuti ku America kunali malesitilanti a amayi omenyera ufulu wa akazi. Nanga si pa chiimilire paliponse ophika amakhala amayi? Chachilendo n'chiyani pamenepa?"

Achemwali, zophika ayi, kukhitchini akazi sanaletsedweko. Vuto linali pa tebulo. Bala yakale ya McSorley's ku New York inayamba kulola akazi kulowa mu 1970, ndipo mu 1969 amayi a bungwe lomenyera ufulu wa akazi la NOW anakachita zionetsero ku Oak Room, mu hotela ya Plaza, chifukwa pa nkhomaliro munkadya amuna okhaokha. Mkazi akakhala yekha madzulo mu lesitilanti, maso onse ankamuona ngati wabwera kudzasaka amuna.

Ndiye mu 1972 Dolores Alexander ndi Jill Ward anatsegula lesitilanti ya Mother Courage ku Greenwich Village, mu New York momwemo. Amuna sankabwezedwa pakhomo. Zimene anasintha zinali zing'onozing'ono: vinyo wolawa ankathirira ndi mkazi yemwe, ndipo bilu ankaiika pakati pa tebulo, osati kutsogolo kwa bambo. Mwina mukuseka, koma bilu ija inkanena poyera kuti mayiyu naye ali ndi chikwama chake. Olemba mabuku ndi atsogoleri a magulu a amayi ankakumanirana pomwepo.

Alex Ketchum wa ku yunivesite ya McGill anapeza malo otere opitirira 230 ku United States ndi Canada pakati pa 1972 ndi 1989. Ambiri sanakhalitse, ndipo chinawapha ndi ndalama. Lamulo loletsa mabanki kusala akazi pa ngongole linabwera mu 1974. Lisanabwere, banki inkatha kufuna siginecha ya mwamuna. Mpamba unkachokera m'matumba mwawo ndi mwa anzawo. Komanso eni ake ankafuna zinthu zosayendera limodzi: mitengo yotsika kuti mayi wosauka adye, malipiro abwino kwa antchito, ndi ufulu woti munthu akhale masana onse pa kapu imodzi ya khofi akukambirana ndale. Lendi ndiye siimva zimenezo. Mother Courage inatseka mu 1977. Bread and Roses ya ku Cambridge, Massachusetts, yomwe inatsegulidwa mu 1974, inangokhala zaka zochepa. Brick Hut Cafe ya ku Berkeley inalimbako, kuyambira 1975 mpaka 1997.

Imene imandigwira mtima ine ndi Bloodroot ya ku Bridgeport, Connecticut, yomwe Selma Miriam, Noel Furie ndi anzawo anayamba mu 1977 ndipo inapitirira zaka 40. Nyama sankaphika, ndipo pambali ankagulitsa mabuku a amayi. Operekera zakudya kunalibe. Unkaitanitsa ndi kulipira polowera, chakudya chikapsa n'kukatenga wekha pawindo la khitchini, ukatha n'kuchotsa wekha mbale zako, kaya ndiwe bwana wa kampani. Maganizo awo anali oti mkazi asamathamange ndi thireyi uku akumwetulira mokakamizika kuti alandire kangachepe. Ndikuona kuti zimenezi zinawapepuziranso pa malipiro, ngakhale cholinga sichinali chimenecho.

Pakhoma anapachika chikwangwani chopempha odya kuti, polemekeza amayi onenepa, asamadandaule mokweza zoti chakudyacho chiwanenepetsa.