Za kalata ya loya ija, yambani mwatolera umboni

Mayi, mwati munalemba pa gulu la WhatsApp la banki mkhonde yanu ku Chibavi kuti msungichuma wadya ndalama, ndiye loya wake wakulemberani kuti mupepese ndi kulipira chifukwa mwamuipitsira mbiri. Mtima m'malo, kalata si chigamulo. Koma musangoisunga osachitapo kanthu.

Chokupulumutsani choyamba n'choonadi. Kuvuta kwake n'kwakuti khoti silimuuza iyeyo kuti aonetse kuti sanabe, ndinuyo muyenera kuonetsa kuti anabadi. Zoti "aliyense akudziwa" sizigwira kumeneko. Zogwira ndi buku la masheya ndi ngongole, mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, ndi mamembala olola kukachitira umboni. Muonetsetsenso mawu enieni amene munalemba. Kusowa kwa ndalama ndi nkhani ina, kuba ndi nkhani inanso. Ngati buku likungoonetsa kuti ndalama zapelewera, mawu oti "wakuba" mudzavutika nawo.

Ine pamene ndikuona kuti mungaimepo bwino ndi apa: munauza ndani? Lamulo limateteza munthu amene wanena nkhani kwa anthu amene ikuwakhudza, monga eni ake ndalamazo kapena apolisi, ngakhale zitadzapezeka kuti analakwitsa, bola ngati ankakhulupiriradi zimene ananenazo ndipo sanachite chifukwa cha chidani. Ngati m'gulumo muli mamembala okhaokha, muli pabwino. Ngati munaikanso pa Facebook kapena pa status, chitetezo chimenechi chachepa kwambiri. Nawonso amene anatumiza uthengawo kwina adziwe kuti "ndinangofowada" sipothawira.

Kunena maganizo, monga "mabukuwa sakusungidwa bwino", kumathanso kutetezedwa ngati maziko ake ndi zinthu zoona.

Wina akamakuopsezani ndi ndende, dziwani kuti mu Julaye 2025 High Court, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, inagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkamangitsa anthu pa zoipitsa mbiri, likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Koma kusumiridwa kuti mulipire chipepeso kudakalipo, komanso lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti likugwirabe ntchito. N'chifukwa chake ndikukupemphani, musalembenso kalikonse za munthuyu, ngakhale mtima ukuwawa.

Tengani kalatayo, buku ndi mauthenga onse mupite nazo ku ofesi ya Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, konkuno ku Mzuzu tsiku limene loyayo waika lisanakwane. Musapepese kapena kusaina chilichonse a Legal Aid asanazione. Akakuuzani kuti umboni ndi wochepa, pepesani msanga pa gulu lomwelo, chifukwa khoti limaganizira kupepesako likamaika chipepeso.